Chikasu Chimene Ndinkathira m'Kachasu ku Kabwata

Mtendere, amayi anzanga. Mtendere inu a pa benchi la kutsogolo, mtendere inunso mwakhala kuchitseko kuti nkhani ikatentha muthawe msanga. Musathawe. Ndine Amake Lute wa ku Kabwata, kobadwira ndi ku Katete. Amene simundidziwa dzina mumawadziwa masamusa anga pamsika paja. Ndili ndi adzukulu, ndili ndi mano owerengeka, ndili moyo, eee, ndili moyo ine! Mukamva ndayamba kuyimba pakati pa mawu musati gogo wazungulira mutu, pakamwa panga ndi mmene pamayendera. Mukaona misozi musandigwire. Ndisiyeni, ndiwoloka ndekha.

Ine ndinali chidakwa. Si zakumva kwa anthu ayi, mwini wake ndi uno. Kachasu ndinkaphika, ndinkagulitsa, ndinkamwa. Koma chimene chinandikankhira m'dzenje lakuya si mowa wokha. Ndi ka ufa aka ndamanga pa nsonga ya chitenje, taonani. Kwathu timati chikasu, muzu uja wonga jinja, ufa wake wa mtundu wa duwa la dzungu. Ena mwa inu munauzidwa kuti kamatsuka chiwindi. Inenso ndinauzidwa. Tamvani kumene kanandifikitsa.

Tinabwera mu Lusaka mbendera itangosintha kumene, ine ndi amuna anga aSakala, atate ake Lute. Iwo anapeza ntchito ya umesenjala pa ofesi ina m'tauni, njinga yakuda ndi chikwama cha makalata. Munthu wofatsa, woyimba besi mu kwaya, akati atsike pansi ndi mawu mabenchi ankanjenjemera. Mowa sankaulawa n'komwe. Atate awo anafera kumudzi mimba itatupa ngati ng'oma chifukwa cha kumwa, iwo anaona ndi maso awo, nalumbira. Pa ukwati ena akamagubuduka, aSakala ankapempha munkoyo, chakumwa chosaledzeretsa. Mwamuna wotere ndinapatsidwa ine. Ine ndemwe.

Ine ndinalowa ntchito ya m'khitchini kwa Amwenye ena ku Kamwala. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kupinda samusa, ndi kumenenso ndinachionera chikasu chikugwira ntchito tsiku ndi tsiku, mu mpunga, mu nyemba, mu nyama. Munali adona okalamba m'nyumbamo, ankanditchula Mere ngakhale dzina langa si Mere. Abwana akabwera kokamwa wiski ndi anzawo, m'mawa mwake adona ankatenthetsa mkaka, n'kuthiramo ka supuni ka ufawo, n'kuwapatsa. Tsiku lina ndinafunsa kuti n'chiyani. Anadzigwira pansi pa nthiti za kumanja, n'kunena m'Chinyanja chawo chotsimphina, "Iyi mankwala, Mere. Yabwino ku chiwindi."

Koma amayi, mkaka uja unkapita ndi mkangano. Adona ankaupereka akukalipa, akuloza botolo, akumenya tebulo m'chiyankhulo chawo. Za mkaka ndinazimva. Za kukalipa ndinati ndi nkhani za m'banja mwa eni. Ndinatola theka la mawu, theka linalo ndinalisiya pa tebulo pomwepo.

Kenaka zinthu zinayamba kusowa, mukukumbukira nonse. Mzere wa sopo, mzere wa saladi, mzere wa shuga, umangoima kaye n'kufunsa pambuyo kuti kutsogolo akugulitsa chiyani. Sitolo ya abwana inatsala mashelefu okhaokha, anamanga katundu n'kuchoka. Adona ananditsanzika ndi chitini cha chikasu ndi timizu tingapo, ndinakabzala kuseri kwa nyumba pamene pamatsikira madzi a pa mpopi. Ntchito yatha, ana akufuna kudya, malipiro a mesenjala safika pakati pa mwezi. Mayi wina wa mu mzere wa nyumba zathu anandionetsa diramu, paipi, gaga ndi shuga. Ndinayamba kutcheza kachasu kuseri kwa chimbudzi.

Ophika tinali ambiri, ogula ankangodutsa pakhomo panga. Tsiku lina ndikuthira m'mabotolo, maso anagwera pa chitini chija. Ndinatsina pang'ono n'kuponyamo. Amayi inu! Kachasu uja woyera ngati madzi anasanduka ngati wiski wa m'nyumba za ku Kabulonga. Wogula woyamba anafunsa, "Nanga uyu wavala suti?" Ndinati, "Uyu ali ndi mankhwala a Amwenye. Mukumwa uku chiwindi chikutsukika." Sindinkanama mwadala ayi. Ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse, ndipo bodza lokhulupirira mwini wake limathamanga kuposa bodza wamba.

Mbiri inawanda. Anamutcha dzina, kachasu wa dokotala. Anabwera alonda, anabwera omanga mafulatsi, anabwera ogwira m'magadeni a ku Woodlands, ena mpaka kukwera basi kuchokera ku Chelstone. Munthu amene kwina ankamwa kapu imodzi n'kuopa, kwa ine ankamwa osaopa kanthu. Akati, "Amake Lute, onjezani, lero ndikufuna kuchira kwambiri." Tonse gwa! kuseka.

Tsono pali mwambo wa ife ophika, amene munagwirapo ntchitoyi mukuudziwa. Wogula sayamba ndiye kumwa. Wophika ulawe kaye pamaso pake, aone kuti simunathiridwe choipa. Kapu iliyonse yotuluka, kukamwa kwako kuyambe. Pamene ogula anali ochepa, ndinkangonyowetsa milomo. Atachuluka, kulawa kunachuluka. Dzuwa likamapendeka ndinali nditalawa mudzi wonse. Posakhalitsa ndinayamba kulawa wogula asanabwere. Posakhalitsanso manja ankanjenjemera m'mawa mpaka ndilawe. Kutchalitchi ndinasiya, yunifomu ya amayi inadyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Lute, mwana wanga woyamba, ndiye anasanduka mayi wa abale ake, kuphika, kuchapa, kundikoka pa khonde kundilowetsa m'nyumba. Atapeza mwamuna anakwatiwa mothawa, sindimunena.

Apa tsono ndipume kaye, chifukwa apa ndi pamene pali munga.

ASakala ankadana nayo ntchito yanga, koma ankaona kuti ana akudya, ankangokhala chete. Mwezi wina wa chisanu anabwera kuntchito akutsokomola, thupi lonse likuphwanya chifukwa cha njinga. Ndinali nditakhuta kale. Ndinawathirira pang'ono m'kapu.

"Amake Lute," anatero, "mwaiwala mmene anafera atate anga?"

Ndinati, "Atate anu ankamwa wa kumudzi, wopanda kanthu. Uyu ndi wina. Abwana anga aja simunawaone? Wiski sabata ndi sabata, koma onenepa, osalala. Ndi ufa womwewu."

Anayang'ana kapu, anandiyang'ana ine. Anailandira ndi manja awiri monga mmene ankalandirira chilichonse chochokera kwa ine. Anati, "Poti mwanena ndinu."

Poti mwanena ndinu. Poti mwanena ndinu, mayo ine. Munthu anakana anzake a kuntchito, anakana abale ake pa maukwati, zaka ndi zaka akukana, anabwera kudzagonja m'manja mwa mkazi wake, chifukwa mkazi wake sanamunamizepo.

Zotsatira zake ndithamanga nazo, sindikonda kukhalapo. Kapu ya chifuwa inasanduka kapu ya madzulo alionse. Anagwa ndi njinga pakati pa tauni, makalata a ofesi ali mbwee mu msewu. Anawachenjeza, anawachenjezanso, anawachotsa ntchito. Ku kwaya anasiya. Tinkakhala awiri pa khonde, ine ndi iwo, kapu pakati. Zaka zinapita choncho. Kenaka mapazi anayamba kutupa, nsapato zinakana. Mimba inayamba kukwera, manja akuonda. Anandionetsa tsiku lina atakweza malaya, anati, "Ikufanana ndi ya atate." Ine ndinati, "Ndiye kuti mankhwala akuchepa." Ndinawonjezera. Mu phala supuni, mu tiyi supuni, mu kachasu masupuni. Kuchipatala sindinawatengere, ndinkati dokotala ali m'nyumba momwe muno, m'chitini.

Tinapita nawo atayamba kusanza magazi. Kuchipatala chachikulu anawagoneka, koma anamwino anangoyang'anana. Tsiku lomaliza ndinawapeza maso ali ngati papaya wakupsa, mawu a besi aja atatsala ngati a mwana. Ndinkadikira kuti anditukwane. Ndikanakonda akananditukwana. Koma anandikoka chitenje, anandinong'oneza, "Mwabwera nako ka mankhwala kathu kaja? Awa a kuno sakudziwa."

Anapita akundikhulupirirabe.

Maliro tinalirira kunyumba ku Kabwata, azibambo panja, azimayi m'kati. Ine ndinakhala pa mphasa pakona, nditafunda kumutu, monga ayenera mkazi wamasiye. Anthu ankati taonani chisoni, mayi akugwada mutu pansi. Sankadziwa kuti m'kati mwa chitenje, pa mchiuno, ndinali nditamangirira kabotolo. Ndikafunda ndinkamwa. Mtembo wa mwamuna wanga uli pakati pa nyumba, ine ndikumwa chomwe chinamupha.

Tsono inu a mu Lusaka mukudziwa za chimbuya. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya, timanyozana mwaufulu, wina sakwiya. Pa maliro a ife, iwo ndiwo amagwira ntchito yolemetsa, kukumba, kunyamula, ndipo ndiwonso amaseka, kutipaka ufa woyera kumaso, kutinena zimene wina aliyense sangayerekeze. Mbuya akakunyoza pa maliro, ukakwiya wolakwa ndiwe.

Mbuya wanga anali Bana Chanda, Mubemba wogulitsa tinsomba ta kapenta, nyumba yake yoyang'anana ndi yathu. Mayi wamtali, wa mawu ngati wenzulo. Zaka zonse ankanditchula wodya mbewa, ine ndinkamutchula wodya anyani, tinkabwerekana mchere.

Titabwerako kumanda, dzuwa lili pamutu, ndinamva phokoso panja. Bana Chanda ndi anzake anali atagwira alamu anga, akuwapaka ufa mpaka m'makutu. Anthu akuseka, kuseka kuja kotsitsimula pambuyo pa kulira. Kenaka phokoso linalowera kukhitchini kwanga, ndinamva zitini zikugwa. Ndiye anatulukira pa chitseko cha chipinda chimene tinakhala azimayi, chitini changa cha chikasu chili m'manja.

"Ali kuti ba dokota ba mu Kabwata?" anakuwa. "Tabwela ku chipatala ise! Tadwala!"

Ena anaseka, ena anaweramitsa mitu. Azakhali a amuna anga anati, "Iyayi Bana Chanda, wamasiye musiyeni."

"Awe mukwai, lelo ni tsiku langa, simuzanilesa. Imwe ba kum'mawa mbewa zinakudyelani nzelu. Uyu anapenta mwamuna wake mukati, manje ise tizamupenta kunja, bafanane!"

Anandivundukula chitenje kumutu. Anatapa ufa dzanja lodzaza, anandipaka pamphumi, m'masaya, m'khosi, uku akuvina, uku akuyimba nyimbo yopeka pomwepo, yakuti dokotala wa ku Kabwata odwala ake onse achira, agona phee sakutsokomolanso. Amayi, mawu amenewo aliyense mu mzere wathu ankawanena kuseri. Pamaso panga anali asanawanenepo munthu. Ndinafuna kumulavulira. Mwambo unandimanga manja. Ndinangokhala, ufa ukugwera pa miyendo.

Anandigwira chibwano kuti andionetse kwa anthu. Ananditembenuzira ku chitseko kumene kunkalowera dzuwa. "Onani mwe bantu, onani dokota wa..."

Nyimbo inathera pakamwa.

Anandiyang'anitsitsa. Anawerama. Ananyowetsa nsonga ya chitenje chake ndi malovu, anandipukuta pansi pa diso, pang'onopang'ono, ngati akupukuta khanda. Anakoka chikope changa ndi chala.

"Yangana kumwamba," anatero, mawu atatsika.

Ndinayang'ana kumwamba.

"Yangana uku."

Ndinayang'ana.

"Mayo," anatero. "Amake Lute. Ine mu maso sin'nafikemo, koma muli chikasu."

Dzanja lake linatsika pa nthiti zanga za kumanja, anadina, ndinakuwa. Linatsikanso pa mchiuno, linapeza kabotolo. Anakasolola, anakakweza m'mwamba, onse anakaona, kachasu wa dokotala, katatsala pang'ono pansi. Sanaseke munthu. Lute anali pakona ina, ali ndi pakati pooneka, anangobisa nkhope m'manja.

Bana Chanda anakhala pansi pa mphasa yanga, chinthu chimene mbuya sachita pa maliro. Anati, "Mvela iwe. Bamuna bathu bali na matuza mu manja, manda ya mwamuna wako. Sitizakumba yabili mu nyumba imozi. Nakana. Ukafa, uzazikumbila weka." Akunena choncho misozi ikutsika, ikudula njira mu ufa woyera umene unamugwera kumaso.

Ine ndinati, "Ndili ndi mankhwala."

Anati, "Mankhwala yako taika lelo ku manda."

Pamenepo ndi pamene ndinalira. Masiku onse a maliro ndinkalira ndi pakamwa, apo ndinalira ndi m'mimba. Ndinalira aSakala, ndinalira kapu ija ya manja awiri, ndinalira amuna a eni ake amene ndinkawathirira ndikuseka. Lute anakwawa n'kudzandigwira mwendo, anati, "Amama, atate apita. Uyu ali m'mimbayu adzapeza ndani?"

M'mawa mwake Bana Chanda anabwera atavala nsapato. Achibale anati wamasiye satuluka pakhomo masiku amenewa. Iye anati, "Mwambo ni ine. Nikamusiya, muzalila futi sabata ya mawa." Anandikweza basi.

Musekeko pang'ono apa, kuti mtima upume. Chikasu sichichoka msanga pakhungu, ndipo sopo kunalibe. Ndinafika kuchipatala nkhope yonse ili ngati dzungu. Namwino wa pa khomo atandiona anaponya cholembera, anathamanga kukaitana anzake, akuti bwerani mudzaone, matenda otere sindinawaonepo chiyambire ntchito. Bana Chanda anati, "Awe sista, kunja uku ni ine n'napenta. Imwe onani mu maso na mu mimba."

Dokotala amene anandiona anali Mmwenye, wachinyamata, namwino ndiye ankamasulira. Anandidina, anandiyeza magazi, anafunsa zimene ndimamwa. Ndinanena zonse. Nditafika pa chikasu anagwedeza mutu, anati amayi akenso kwawo ankamupatsa mu mkaka ali mwana.

Ndinati, "Ndiye adona aja sananame?"

Anati, "Sananame, koma inu munachisenzetsa katundu amene sichingathe. M'zakudya n'chabwino. Mwina chimathandizako chiwindi pang'ono, mwina ayi, ife madokotala sitinatsimikize. Koma ngakhale chitathandiza, munthu mmodzi akumata khoma ndi manja, wina akuligumula ndi piki, nyumba ingaime?" Anatinso chiwindi chikadwala kale, kuchiunjikira masupuni a ufa uliwonse, ngakhale wabwino, kukhoza kungochiwonjezera ntchito.

Ndinafunsa, "Tsono amuna anga anawapha ndi masupuni anga?"

Anati, "Chinawapha ndi mowa."

Ndinati, "Koma mowawo anaumwa chifukwa cha supuni yanga."

Namwino anamasulira. Dokotala anangoyang'ana pansi. Ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa sanandinamize.

Anandiuza kuti chiwindi changa chatupa ndipo chayamba zipsera, koma sichinafike pa cha aSakala. Ndikasiya, ndikhala. Ndikapitiriza, Bana Chanda ayambe kufunafuna makasu. Anandigoneka. Amayi, masiku oyamba aja sindiwafunira ngakhale mdani. Thupi lonse linkagwedezeka mpaka bedi kulira, thukuta ngati ndagwa mu mtsinje, ndinkaona abuluzi akutsika pa khoma kudzandilowa m'makutu. Anamwino ankandipatsa mankhwala oziziritsa. N'chifukwa chake ndikuti, iwe amene manja amanjenjemera m'mawa, usadzitsekere m'nyumba wekha kuti ndisiya lero lomwe mwa mphamvu zanga. Kusiya kotero kumagwetsa munthu, ena kumawapha. Pita akakugwire odziwa.

Nditatuluka, chinthu choyamba chinali diramu. Sindinaligulitse, chifukwa likanakaphika kwa wina. Tinaitana wokhoma zidebe, analidula pamaso panga n'kupanga mbaula. Paipi ndinakaponya ndekha m'chimbudzi.

Chachiwiri chinali chowawa kuposa abuluzi. Ogula anga ankabwerabe. Aliyense ndinkamuimika pa khomo n'kumuuza, "Bambo, zija ndinkakuuzani si zoona. Ufa uja suteteza munthu ku mowa. Amuna anga afa, inenso ndatsala pang'ono. Pitani akakuoneni kuchipatala." Ena anandithokoza. Ena anati wamasiye wapenga. Ambiri anangokhota n'kulowa nyumba yachitatu, kumene mnzanga wina anali atayamba kale kuthira chikasu mwa wake, ataona kuti zinkandiyendera. Ndinapita kukamudandaulira, ananditulutsa, anati nsanje. Moto ndinauyatsa ine, koma kuuzima wonse sindinathe. Mlonda wina wa ku Woodlands, wogula wanga, bambo wa ana ang'onoang'ono, anamwalira chaka chomwecho. Ndinapita ku maliro ake, ndinakagwada pamaso pa mkazi wake. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinabwerako choncho. Si zonse zimakonzeka, amayi. Wina akakuuzani kuti ukatembenuka zonse zimayera, ameneyo sanagwepo.

Ndipo musaganize kuti ndinayenda mowongoka. Ndinagwanso kamodzi. Kunali ku phwando la mkwatibwi ku Chilenje, ng'oma zikulira, wina anandipatsa kapu, anati n'kamowa ka azimayi kotsekemera, sikaledzeretsa. Ndinabwera kunyumba ndikuyimba. Bana Chanda anandipeza pa mpopi m'mawa, anandinunkhiza, sanakalipe. Anangopita kwawo n'kubwera ndi khasu, analitsamiritsa pa chitseko changa, n'kumapita. Linakhala pamenepo tsiku lonse, odutsa akufunsa. Madzulo ndinalinyamula ndekha kukabweza, ndinati, "Iwe wodya anyani, tenga khasu lako, silikufunika." Anati, "Tizaona." Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero, eee, mpaka lero, pakamwa panga sipanadutse dontho. Ku maphwando ndimapita, koma ndimanyamula botolo langa la munkoyo, ndimakhala pafupi ndi munthu wondidziwa.

Manja ozolowera ntchito ukawasiya chabe amabwerera ku diramu. Ndinakumbukira samusa. Ndinakadula khadi la chipani kuti andipatse malo pamsika, ndinaima pa mizere ya fulawa ndi saladi, ndinayamba ndi beseni laling'ono pa mbaula ija. Phindu lake silifika pa la kachasu, ayi ndithu. Koma wogula samusa sanakagonepo pa bedi la chipatala chifukwa cha ine.

Mufunsa kuti nanga chikasu ndinachitaya? Ndinafuna kuzula chonse kuseri kuja. Lute anati, "Amama, muzu unalakwa chiyani?" Ndinachisiya. Ndimatsina pang'ono mu nyama ya samusa, pang'ono mu nyemba, monga ankachitira adona aja, monga anandilola dokotala. Ngati chimandithandiza m'katimu, adziwa ndi Mulungu amene anachimeretsa. Wina akandifunsa pamsika kuti gogo, ndamva chimachiza chiwindi, ndimamufunsa kaye kuti, "Umamwa?" Akati inde, ndimati siya mowa, pita kuchipatala, ukabwereko tidzakambe za ndiwo.

Chiwindi changa sichinabwerere mwakale. Mchere ndimadya wochepa, ndimatopa msanga, kuchipatala ndimapitabe kukadinidwa. Kutchalitchi ndinabwerera, ndinayamba ndi benchi la kumbuyo, ndinakhala chaka ndisanayerekeze kusoketsa yunifomu ina. Kwaya ikamayimba ndimamvetsera kumunsi kuja kwa besi, ndimapeza pali dzenje. Ena samalimva. Ine ndimalimva Lamulungu lililonse.

Koma Lute anabereka, amayi! Anabereka mwana wamwamuna, ndipo tsiku lotuluka m'chikuta anandiitana, anati, "Amama, musambitseni ndinu." Ndinatambasula manja anga pa beseni, ndinawayang'ana. Sankanjenjemera. Lululu! Sankanjenjemera! Ndinamusambitsa ndikuyimba, ndikulira, madzi a m'beseni ndi a m'maso osasiyana. Lero ndi mnyamata wa sukulu, mawu ayamba kale kukhuthala. Amandifunsa, "Agogo, agogo aamuna anafa ndi chiyani?" Ndinamuuza zoona. Anakhala masiku osandiyankhula bwino. Kenaka anabwera yekha kudzandinyamulira beseni.

Tsono ndimalize ndi ichi. Polowa muno tinapatsana moni wa m'manja pa khomo paja, mmodzimmodzi. Mmodzi wa inu, mwana wanga, watafuna masamba a gwafa. Ine fungo limenelo ndimalidziwa, ndi la ife, timatafuna kuti tibise linzake. Dzanja lakonso linali kugwedezeka m'dzanja langa. Usaope, sindikuyang'ana kumene wakhala, taona ndikuyang'ana kudenga. Dzina lako silituluka pakamwa pano. Sindikudziwa chimene wauzidwa kuti chikuteteza, kaya ndi muzu, kaya ndi mkaka, kaya ndi pemphero la Lachinayi lino. Ine ndinaika mwamuna wabwino m'manda ndi mawu otero.

Mawa m'mawa sindikazinga samusa. Ndidzakhala pa siteji ya basi ya pamsika wa Kabwata, nditavala chitenje chomwechi. Sudzafunika kundipatsa moni. Udzangoima pambali panga, basi ikabwera tidzakwera kupita kuchipatala. Ukapanda kubwera mawa, ndidzakhalaponso mkuja. Miyendo yanga ndi yokalamba, mwanawe, usandiimitse nthawi yaitali.